Madigadi a Alamu Ali ndi Mng'alu, Ukwati Wayandikira

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa zaka zambiri, ndipo ndimaona kuti ambiri okulemberani amabwera ndi misozi ya m'banja. Ine ndiyambe ndanena kuti kwanga kulibe ndewu. Ndili ndi zaka 44, ndimakhala ku Bangula, ndipo ine ndi amuna anga, a Fernando, tatha zaka 22 tili limodzi. Ana athu atatu anakula, awiri ali pa ntchito ku Blantyre, wotsiriza ali ku koleji. Nkhani yanga ndi ya njinga yamoto. Musaseke, chifukwa yandisowetsa mtendere ndithu.

A Fernando ndi owotcherera zitsulo. Anagwira ntchito ku Tete zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pobwerera kuno mu 2021 anabwera ndi njinga yamoto yaikulu imene anagula kwa bwana wawo amene ankabwerera kwawo ku Joni. Si ngati za akabaza zimene zadzaza pa Bangula pano ayi. Iyi ikalira, agalu amathawira kuseri kwa nyumba. Chimene chinandikopa ine tsiku loyamba ndi zipangizo zake zina: madigadi a kutsogolo, chotchinga tcheni, chophimba ekizozi kuti isaotche mwendo, ndi tizigamba ta m'mbali mwa thanki. Si chitsulo, si pulasitiki. Ukayang'anitsitsa umaona ulusi wakuda wolukanalukana ngati mkeka, pamwamba pake atathira vanishi woonekera ngati galasi. Ukanyamula, kupepuka kwake ngati chikho. Amuna anga anandiuza kuti zimenezi amati kaboni.

Koma dzuwa la ku chigwa kuno mukulidziwa. Njingayo inkakhala panja pa shopu yawo tsiku lonse. Sipanathe zaka ziwiri, vanishi uja anayamba kuchita chikasu, kenako mbuu, kenako kufunduka ngati njoka. A Fernando zinawapweteka mtima. Tsiku lina anamasula chotchinga tcheni, n'kutenga sandipepa wokhakhala amene amapalira mageti. Dzanja lawo linazolowera chitsulo, Aphungu. Mphindi zisanu zokha anali ataboola vanishi yense n'kufika pa ulusi, ulusiwo n'kuima nyankhalala. Fumbi lakuda limene linatulukapo linawayabwa m'mikono masiku atatu ngati agwera m'chitedze. Sanagonje. Anakagula vanishi wa mipando n'kupaka ndi burashi. Ameneyo anakana kuuma bwinobwino, ntchentche ndi mankhusu a mapira zinamatirira pomwepo.

Atatopa anati, "Ndingopaka penti wakuda basi, nkhani ithe."

Ine ndinakula ndikuluka mikeka ya mlaza ndi amayi anga, choncho kuganiza kuti ulusi wolukidwa mwaluso chonchija ukwiriridwe ndi penti kunandiwawa. Ndinati, "Bambo, ndipatseni chimene mwaononga kalecho ndiyeserepo."

Anaseka n'kunena kuti, "Mayi, uwu si mkeka." Koma anandipatsa.

Ndinachikulunga m'chitenje n'kukwera minibasi mpaka ku Nchalo, kwa a Symon, bambo achikulire amene anapuma ntchito yopopera penti magalimoto kuesiteti ya nzimbe. Anachitembenuzatembenuza, n'kupukusa mutu. Kenako anaitanitsa beseni la madzi, n'kudonthezamo sopo pang'ono, n'kuviikamo sandipepa wosalala. Mawu amene anandiuza sindinawaiwale. Anati, "Mayi, apa simukupala kaboni, mukupala vanishi yekha. Maso anu akhale pa madzi. Akamatuluka oyera ngati mkaka, pitirizani. Akangoyamba kuda, imani pomwepo, mwafika pa mnofu." Anandilembera zoti ndigule: sandipepa wa m'madzi wa nambala 800 ndi 1000, ndi vanishi wa magalimoto wa m'chitini chopopera, uja uli ndi kabatani kunsi kosakanizira mankhwala awiri. Mwana wanga anakagula ku Limbe n'kutitumizira.

Amuna anga anandimasulira zipangizo zina zonse, ndipo ndinayamba ndi tizigamba ta thanki. Ndinkakhala pa khonde miyendo tambalale, beseni pambali, kupala pang'onopang'ono, kupukuta, kuyang'ana, kupalanso. Kagamba kamodzi kanandidyera masiku awiri. Zopopera ndinkachita m'mamawa kusanatenthe ndiponso mphepo isanayambe, m'kachipinda kathu kosungiramo katundu, nditawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, chitseko nditatseka, pakamwa nditamanga chitenje. Ulendo woyamba ndinachulutsa, vanishi n'kuyenderera ngati misozi. Wachiwiri ndinaimira kutali, pamwamba n'kuchita tizidutumwa ngati khoko la lalanje. Zonsezi ndinapalanso. Ulendo wachitatu dzanja linagwira. Ndinapopera katatu mopyapyala, kudikira pakati, n'kusiya.

Kutacha ndinakatsegula chitseko. Aphungu, ulusi uja unali utabwerera wonse, mzere uliwonse ukuoneka pansi pa vanishi ngati miyala ya pansi pa madzi oyera. Ndinaima pamenepo ndekha n'kumaseka.

Zonse zitatha, amuna anga anamangirira zipangizozo pa njinga, n'kukoka mpando, n'kukhala patsogolo pake ngati akuonera kanema. Kenako anati, "Pyadidi, mkazanga. Takhuta." Iwo akasangalala kwenikweni Chichewa chimawathawa, kuyamika ndi kuthokoza amabwerera ku Chisena cha makolo awo.

Kuyambira pamenepo moyo wathu wakoma mwa njira imene sindinkayembekezera. Lamulungu tikaweruka ku Misa timakwera awiri n'kulowera cha ku Chiromo kukaona madzi ndi kukagula nsomba. Tikaima pa msika anthu amaunjikana n'kumasisita thanki, ena kufunsa ngati njingayo ndi yatsopano. A Fernando amayankha kuti, "Funsani mayi awa, ine ndinangoononga." Anthu atatu abweretsa kale zawo kuti ndiwakonzere, mmodzi wochokera ku Ngabu. Ana atachoka pakhomo ndinkaopa kuti ine ndi amuna anga tidzasowa chokamba. Panopa timakangana za sandipepa.

Tsono vuto ndi ili. A Fernando ali ndi akulu awo, a Geresomo, amene amakhala ku Marka n'kumachita malonda a nandolo ndi chitowe kudutsa malire. Ataona njinga yathu mtima unawakwera, nawonso anakagula yawo yakale ku Beira. Ndi ya mtundu wina koma nayonso ili ndi zipangizo za kaboni, ndipo dzuwa linazidya kale. Mwana wawo wamkazi, Immaculate, akukwatiwa Loweruka lomaliza la mwezi wamawa. Kuchokera kunyumba kwawo kukafika kutchalitchi ndi mtunda ndithu, njira yake ndi mchenga wokhawokha ndipo pali khwawa limene magalimoto amatitimira. Mtsikanayo anapempha yekha kuti bambo ake adzamunyamule pa njinga yamoto, ndipo iwo anakondwa kwambiri.

Milungu itatu yapitayo a Geresomo anabwera ndi zipangizo zinayi m'thumba la fetereza. Zitatu zinali zongopsa ndi dzuwa. Koma nditatsuka madigadi a kutsogolo ndinaona mng'alu wotalika ngati chala, woyambira pa bowo la bawuti limene limagwira madigadiwo. Ukuoneka kunja ndi mkati momwe. Ukakanikiza umayasama n'kulira tsetsetse, m'mbali mwake muli moyera. A Symon anandiphunzitsa kugogoda ndi ndalama yachitsulo: pamene pali bwino pamalira ngwengwe, pamene pafa pamalira phuphu. Kuzungulira bowo lonselo ndi phuphu yekhayekha.

Ndinawaonetsa amuna anga. Nkhope inasintha. Anati ku Tete anaonapo madigadi atathyoka pa bawuti n'kugwera pa tayala la kutsogolo, tayalalo n'kuima mwadzidzidzi, wokwerayo n'kuulukira kutsogolo. Anati, "Izi si zosewera nazo."

Koma tsiku limene akulu awo anabwera kudzaona ntchito, a Fernando omwewo anayamba kukamba za mvula ndi mitengo ya nandolo, maso ali pansi. Ndinalimba mtima ndine. Ndinati, "Alamu, madigadi awa ali ndi mng'alu."

Iwo anati, "Ndinauona kale, mlamu. Ndinagunda mbuzi. N'chifukwa chake ndabwera nawo kwa inu. Thirani vanishi wambiri, usaoneke."

Ndinati, "Vanishi sagwira chothyoka, alamu."

Anaseka n'kuwomba m'manja. "Nkhabe, ayi ndithu! Ndayenda nawo miyezi inayi, mpaka ku Mutarara ndafika, sanagwe. Adzagwe tsiku la ukwati lokhalo? Ku Marka konse ndalengeza kale kuti mlamu wanga wa ku Bangula aiwalitsa njinga iyi ngati galasi. Musandichititse manyazi."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali akuyang'ana nkhuku.

Aphungu, mwina mukuti bwanji sindinangokana. A Geresomo si munthu wamba kwa ine. Ndiwo ankhoswe a banja lathu. Kuposa apo, mu 2015 tinkakhala ku Makhanga, ndipo madzi atatizinga a Fernando anali ku Tete. Ine ndi ana tinakhala pa chulu masiku awiri. Amene anabwera ndi bwato, kupalasa okha m'madzi amene anthu ena ankaopa kulowamo, ndi alamu omwewa. Anatitulutsa tonse anayi, n'kutisunga miyezi itatu osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Munthu wotere sanandipemphepo kanthu chiyambire. Lero wandipempha kanthu kamodzi, kamene ndingathe kuchita m'mawa umodzi wokha, ndiye ndimukanize?

Chimene ndachita ndi ichi, ndipo ndikuchita nacho manyazi. Zipangizo zitatu zija ndazimaliza, zikuwala kuposa zathu. Madigadi ndangowatsuka n'kuwaika pamwamba pa kabati. Alamu akaimba foni ndimawauza kuti vanishi sanaume. Ndanena kawiri tsopano. Ndinayesa kuona ngati madigadi a njinga yathu angalowe pa yawo, koma mabowo sakugwirizana. Amuna anga akuti, "Chitani mmene mukuonera, mayi, koma dzina langa lisamveke. Ine sindingatsutse akulu anga."

Ndithandizeni. Kodi mng'alu wotere ungakonzeke, kapena ndikukulitsa nkhani yaing'ono? Nanga ndiwauze bwanji alamu popanda kuoneka wamwano ndi wosayamika? Ndipo poti ndalemba kale, ndifunsenso: chophimba ekizozi cha njinga yathu chayambanso kuzilala patangotha chaka ndi miyezi iwiri. Kodi pali chimene ndingachite kuti ntchito yanga izipirira dzuwa la kuno?

Ndine,
O.F., Bangula


Mayi O.F.,

Sindinaseke. Ndinamwetulira, chifukwa kalata yochokera kwa munthu amene akukangana ndi mwamuna wake za sandipepa simabwera kawirikawiri pa tebulo langa. Banja lanu lili bwino, dzanja lanu lili bwino, ndipo maso anu sanakunamizeni. Ine za njinga zamoto sindizidziwa, choncho ndinatenga kalata yanu n'kukawerengera amisiri awiri kuno ku Blantyre, wina wopopera magalimoto, wina wokonza mabampa ndi maboti a faibala, pulasitiki uja wolimbitsidwa ndi ulusi. Sanakumane, koma anayankha zofanana.

Tiyambe ndi bodza lija. Lisiyeni lero. Vanishi amene saumabe kwa milungu itatu ku Bangula, kumene chovala chimauma usanamalize kuyanika chinzake? Alamu anu si mwana, posachedwa azindikira, ndipo adzakwiya ndi bodzalo kuposa mmene akanakwiyira ndi choonadi. Chachikulu n'chakuti tsiku lililonse limene madigadi akugona pa kabati ndi tsiku limene mukanagwiritsa ntchito kufunafuna ena. Mukadikira mpaka mlungu wa ukwati, simudzakhalanso ndi chosankha, mudzangopopera.

Za mng'alu, simukukulitsa nkhani. Vanishi ndi khungu chabe. Mphamvu ya chipangizocho ili mu ulusi ndi guluu wolimba amene anaumanga. Mng'alu woonekera mbali zonse ziwiri, woyasama ukakanikiza, wolira phuphu, ukusonyeza kuti ulusiwo unaduka ndipo magawo ake anasiyana mkati. Ndipo uli pa malo oipitsitsa, pa bawuti, pamene kugwedezeka konse kwa msewu kumathera. Kuti ayenda nawo miyezi inayi si umboni woti ndi olimba. Ndi miyezi inayi imene mng'aluwo wakhala ukukula. Tsiku la ukwati njingayo idzanyamula anthu awiri, mu mchenga, kutsika ndi kukwera khwawa. Amuna anu anaona ndi maso awo chimene chimachitika tayala la kutsogolo likaima mwadzidzidzi.

Kodi ungakonzeke? Mmisiri wa faibala uja anati zimatheka: amapala mkati, n'kuyala nsalu yatsopano ndi guluu wake, n'kuboolanso bowo. Koma anawonjezera kuti pa malo a bawuti iye sangalonjeze kanthu, ndipo si ntchito yoti munthu aphunzirirepo koyamba pa njinga yonyamula mkwatibwi. Inu mwaphunzira kukonza khungu. Mafupa ndi ntchito ina, ndipo kudziwa pamene luso lanu lathera ndi mbali ya umisiri womwewo.

Tsono musapite kwa alamu ndi "ayi" yekha. Pitani ndi njira. Yoyamba ndi iyi: gulani madigadi apulasitiki akuda a msinkhu wofanana, amene amapezeka m'mashopu a zipangizo za njinga zamoto. Mabowo akapanda kugwirizana, m'nyumba mwanu muli munthu wowotcherera zitsulo. Apange tizitsulo togwirira, aone kuti pakati pa madigadi ndi tayala pali mpata wokwanira ngakhale njinga italemedwa, aiyendetse pa mabampu ndi kumangitsanso mabawuti. Inu muwawalitse. Funsani a Symon za mankhwala oyambira pa pulasitiki, chifukwa vanishi sagwira bwino popanda amenewo. Anthu a ku Marka adzakhala akuyang'ana mkwatibwi, palibe amene adzagwade kuti awerenge ulusi pa madigadi. Njira yachiwiri, imeneyi ikakanika, abwerekeni njinga yanu ya tsikulo, koma aitenge masiku angapo ukwati usanafike kuti dzanja lizolowere.

Kanenedwe kake: osati pa foni, osatinso pa gulu. Kwerani nonse awiri mupite ku Marka. Yambani mwatulutsa zipangizo zitatu zowala zija, aone kuti simunawanyozere. Pemphani kuti mayi a mkwatibwi akhale pomwepo, chifukwa nawonso mwanayo ndi wawo ndipo ayenera kudziwa chimene adzakwere. Kenako ikani madigadi patsogolo pa alamu, muwapatse ndalama yachitsulo m'manja mwawo, agogode okha. Munthu amatsutsa pakamwa pa mlamu wake, koma khutu lake salitsutsa. Vomerani kuti munawanamiza za vanishi ndipo pepesani. Mukatero nenani zimene munandilembera ine: kuti iwo anatulutsa ana anu m'madzi, ndipo inu simungaike mwana wawo pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'chothyoka. Mukuganiza kuti kukana n'kusayamika. Ine ndikuona kuti aka ndi kanthawi koyamba kamene mwapeza mpata woteteza mwana wawo monga iwo anatetezera anu.

A Fernando, ndikudziwa kuti mayi akuwerengerani tsamba lino, ndiye ndilankhule nanu pang'ono. Ulemu kwa akulu anu ndi wabwino. Koma amene anaona ngozi ku Tete ndinu, osati mayi. Kusiya mkazi wanu alimbane yekha ndi ankhoswe inu mukuyang'ana nkhuku si ulemu, ndi kubisala. Simukuyenera kuwatsutsa. Ingofotokozani zimene munaona, ndipo muwauze kuti tizitsulo togwirira mupanga ndinu. Dzina lanu limveke.

Pali china chimene simunafunse, mayi, koma amisiri onse awiri anachitchula ndisanamalize n'kuwerenga. Diresi la ukwati ndi chophimba kumutu chachitali siziyenderana ndi tcheni ndi tayala la kumbuyo. Nsalu ikangokodwa, imakoka munthu. Immaculate akwere atavala zosalendewera, chipewa cholimba chili kumutu, iye ndi bambo ake omwe, ndipo diresi akavalire m'nyumba ya pafupi ndi tchalitchi. Tsitsi likaphwanyika amalikonza pa mphindi khumi.

Za kuzilala kwa chophimba ekizozi, musadandaule kwambiri. Chimenecho chimapsa kawiri, dzuwa pamwamba, moto wa injini pansi, choncho chidzakhala choyamba kutopa nthawi zonse. Ngati sichinayambe kufunduka, chipaleni pang'ono ndi sandipepa wa m'madzi wa 1500 kapena 2000, kenako mupukute ndi polishi wa magalimoto, chibwerera. Pogula vanishi uzani mwana wanu afunse wolembedwa kuti amateteza ku dzuwa, chifukwa si onse. Musanapopere, pukutani ndi sipiriti ndipo musagwirenso ndi zala. Tinala ndi mankhwala ochotsera penti musayerekeze, zimadya guluu wa mkati. Mukapopera, dikirani mlungu wathunthu musanapake polishi. Potsuka njinga musagwiritse petulo kapena sopo waufa wochapira zovala. Ndipo a Fernando awotcherere kadenga pa shopu paja. Mthunzi ndi wotchipa kuposa vanishi aliyense.

Koma za chitenje cha pakamwa ndi chitseko chotseka, apo ndakukanizani. Vanishi wa mankhwala awiri uja ndi poizoni ku mapapo, ndipo amaononga mwakachetechete. Chitenje sichitchinga kanthu. Gulani chophimba mphuno chenicheni cha opopera penti, chokhala ndi zosefera m'mbali, muvale magolovesi ndi magalasi, ndipo poperani pamene mpweya ukudutsa. Kachidutswa ka fumbi pa vanishi mungakapale mawa, chifuwa simungachipale. Pitirizani kupala ndi madzi monga anakuphunzitsirani a Symon, ndipo madzi akudawo muziwakwirira, asaumire pa khonde kapena pamene ziweto zimamwera.

Pomaliza, chenjezo langa. Mwina alamu adzamva zonsezi n'kunenabe kuti nkhabe. Njinga ndi yawo, simungawalande. Zikatero, musakangane nawo ndipo musanyanyale ukwati. Koma madigadiwo muwabwezere monga anabwerera, ozilala, mng'alu uli poyera kuti aliyense woyandikira auone, mayi a mwana ndi mkwati yemwe. Musapakepo ngakhale dontho limodzi. Mng'alu woonekera ungapeze wina woufunsa tsiku lisanafike. Mukauphimba inu ndi dzanja lanu labwinolo, palibenso amene adzaufunse.

Phungu